Lachinayi ku Curuzú Cuatiá

Dokotala wa maganizo ankabwera Lachinayi lokha,
pa basi ya usiku yochokera ku Corrientes,
chikwama m'khwapa, tulo tili m'maso.
Yanga ntchito inali yochepa:
kutsegula mazenera, kutereka madzi a mate,
kulemba mayina m'kabuku kobiriwira.

Kalata ya ku unduna inafika Lolemba.
Mizere itatu basi, chidindo ndiye chachikulu.
Akuti ndondomeko ya chuma ikuunikidwanso,
akuti tiyambe tadikira.
Ndinaiwerenga kawiri, n'kuitembenuza.
Kuseri kunali mbee.

Ndiye ndinaswera pa lamya.

Eulogio Zalazar anayankha itangolira kamodzi,
monga achitira munthu wosagona.
Ndi uja amavala jekete ngakhale mu Januwale,
phula la mumsewu likumata ku nsapato.
Anapita ku zisumbu zija ali kamnyamata,
asanaonepo nyanja chibadwire,
nabwerako ndi zala zakuphazi zisanu ndi ziwiri
komanso kuzizira kumene dzuwa la kuno
lakanika kukutulutsa m'mafupa zaka zonsezi.
Ndinati, bambo Zalazar, sabata ino adokotala sabwera.
Iye anati, chabwino mwanawe, nanga yamawa?
Ndinayang'ananso kalata ija
ngati kuti mwina yamera mzere wachinayi.

Mkazi wa Hipólito Maidana sanafunse chifukwa.
Anangoti, ndiye mipeni ndiyambenso kubisa?
Kumbuyo kwake ndinkamva wailesi,
galu, ndi mpando ukukwekweredwa pansi.

Wina sanayankhe n'komwe.
Ndinayimba kasanu, kachisanu ndi chimodzi manja akunjenjemera.
Dzina lake sindilitchula pano.
Mayina amatchulidwa mokweza pamaliro,
ndipo ine sindikufuna kuyeserera.

Pabwalo la tauni anyamata a khonsolo
akupaka utoto chipilala cha chikumbutso,
paja Epulo wayandikira.
Utoto ulipo, zidebe zinayi, ndawerenga ndekha.
Nkhata za maluwa anaitanitsa kale,
oimba malipenga akuyeserera kuseri kwa sukulu.
Boma limawakonda akufa.
Sadzuka pakati pa usiku akukuwa,
safuna mapilitsi, sasowa tikiti ya basi.
Ukawapukuta kamodzi pachaka, amakhala chete.
Okwera mtengo ndi awa anabwerera.

Ndinawonkhetsa kuseri kwa envulopu yomweyo:
basi popita ndi pobwera,
kachipinda kogona usiku umodzi,
tsiku limodzi la munthu wodziwa kumvetsera.
Sindine wamasamu,
koma nambala yake inakwana pakona,
pomwe amamata sitampa.

Lachinayi ndinatsegulabe.
Chizolowezi, kapena mwano, sindikudziwa.
Ofika anafika, asanu ndi mmodzi,
aliyense pampando wake wamasiku onse,
wa adokotala wokha wopanda munthu,
ndipo panalibe anaika chipewa pamenepo.

Mate anazungulira kawiri popanda woyankhula.
Kenaka Eulogio, akuyang'ana mawondo ake,
anayamba ya nkhosa imene anaba usiku ndi mnzake,
m'mene anaidyera yosapsa, ubweya uli m'mano,
ndi m'mene mnzakeyo anamangidwira pa zikhomo pansi
mpaka mbandakucha, mvula yozizira ikumumenya kumaso,
iye ali m'dzenje, wakhuta, ali duu.
Ena anagwedeza mitu. Amaidziwa nkhaniyi.
Adokotala ankadziwa chofunsa ikafika apa.
Ine ndinaphunzira kutayipa ndi kusunga mafayilo.
Ndinangonyamuka n'kukawonjezera madzi.

Ndalemba mayina onse m'kabuku kaja,
tsiku, ola, ngakhale palibe adzafunse.
Mzere wachisanu ndi chiwiri ndausiya wopanda kanthu.

Chitseko chathu chimalira mahinjesi,
takhala tikupempha mafuta chiyambire chaka chatha.
Chikangoti kwii,
kaya ndi mphepo, kaya ndi mnyamata wa nyuzipepala,
tonse timatembenuka nthawi imodzi,
azibambo a imvi asanu ndi mmodzi, ndi ine,
ketulo ili m'manja.